Ulendo wa ku Roma: kogona, zokaona ndi dongosolo lake

Akhristu a m'maparishi athu amene akusonkherana ndalama za ulendo wachipembedzo, abale okhala ku Britain ndi ku South Africa, komanso anzanga amene atumidwa kumsonkhano ku Italy, onsewa akhala akundifunsa funso limodzimodzi: tikafika ku Roma tikagone kuti, nanga m'masiku ochepa amene tili nawowo tikaone chiyani? Popeza yankho lake silikwana mu uthenga wa pafoni, ndaganiza zolilemba lonse pano kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera. Chimene ndikufuna mugwiritse ndi chakuti ulendo wa ku Roma umakoma kapena kuwawa malinga ndi zimene munakonza musanakwere ndege, ndipo pa zonsezo chachikulu ndi malo ogona. Tsatirani masitepewa mwa dongosolo lake, chifukwa lililonse likutsamira pa linzake.

1. Sankhani masiku mutayang'ana kalendala ya ku Roma

Nyengo za kumeneko n'zosemphana ndi zathu. Mu Julayi, pamene kwathu kuno tikuvala majuzi, ku Roma dzuwa limaswa mtengo ngati la kwathu mu Okutobala, kutenthako kumapitirira mpaka Ogasiti, ndipo mabwinja ambiri amene mudzafune kuona alibe mthunzi. Miyezi yabwino kuyenda ndi Epulo, Meyi, Seputembala ndi Okutobala, ngakhale kuti ndiyonso miyezi imene zipinda zimakwera mtengo. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kumazizira ndipo mvula imagwa, koma mizere imafupika ndi mitengo imatsika, kupatula masiku a Khirisimasi.

Ngati cholinga chanu ndi kuona Papa, onetsetsani kuti masiku anu ali ndi Lachitatu kapena Lamulungu m'kati mwake. Lachitatu m'mawa Papa amakumana ndi anthu onse, ndipo Lamulungu nthawi ya 12 koloko masana amatsogolera pemphero la Angelus ali pawindo loyang'ana bwalo la St Peter. Mu Julayi mikumano ya Lachitatu nthawi zambiri imaimitsidwa. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican zimatseka Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi, ndipo zimatsekanso pa 29 Juni, tsiku la Petro ndi Paulo, ndi pa 15 Ogasiti. Kuganiza kwanga n'kwakuti musapite ndi masiku athunthu ochepera anayi, osawerengera tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka.

2. Yambani za viza msanga

Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya, kuti mulowe mu Italy, ndipo izi zikukhudzanso amene muli ndi chilolezo chokhala ku Britain, chifukwa Britain siili m'gulu la mayiko a Schengen. Ofesi ya kazembe wa Italy imene imayang'anira Malawi ili ku Lusaka, choncho yambani ndi tsamba lake la pa intaneti kuti muone kumene mafomu akuperekedwa. Malamulo amalola kupempha viza kutatsala miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo yankho limatenga masiku 15, koma likhoza kufika masiku 45. Malipiro a munthu wamkulu ndi mayuro 90. Pasipoti yanu ikhale yoti idzagwirabe ntchito miyezi 3 mutatuluka m'derali, ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo mukhale ndi inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000. Vatican ndi dziko lodziimira palokha kuyambira 1929, koma silifuna viza ina. Mumangolowa wapansi kuchokera mumzinda.

Pakati pa mapepala amene adzakufunseni pali umboni wa kumene mukagone, ndiye chifukwa chake sitepe lotsatirali liyenera kuchitika musanapereke mafomu, koma lichitike m'njira yoti musataye ndalama viza ikakanidwa.

3. Pezani kogona: apa ndi pamene ambiri amapunthwa

Olemba malangizo ambiri amangotchula mayina a mahotela n'kupitirira, koma dzina la hotela silithandiza munthu amene sakudziwa mapangidwe a mzindawu. Roma ndi mzinda wotambalala kwambiri, ndipo keyala yokhala ndi mawu akuti Roma ikhoza kukhala ya malo amene ali kutali ola lathunthu kuchokera kumene mukufuna kuona. Tsegulani mapu ndipo muzindikire mizere iwiri. Woyamba ndi linga lakale la Aurelian, lomangidwa m'zaka za m'ma 270, limene likuzinga pakati pa mzinda, kumene kuli mabwinja ndi matchalitchi ambiri otchuka. Wachiwiri ndi msewu waukulu wozungulira mzinda wonse, wotchedwa Grande Raccordo Anulare, umene pamapu umalembedwa GRA. Chipinda chotsika mtengo modabwitsa kawirikawiri chimakhala pafupi ndi msewu umenewu kapena kunja kwake. Ndalama imene mwapulumutsayo idzathera pa matakisi, ndipo choipa koposa n'chakuti simudzatha kubwerera kuchipinda masana kukapumula, chinthu chimene munthu wachikulire amachifuna atayenda wapansi m'mawa wonse.

Muyeso wanga ndi uwu: malo ogona akhale mkati mwa linga, kapena akhale pamtunda wa mphindi zosaposa 10 wapansi kuchokera pa siteshoni ya Metro A kapena Metro B, zimene ndi sitima za pansi pa nthaka. Musakhulupirire mawu a mwini malo akuti “pafupi ndi pakati pa mzinda”. Lembani keyalayo pamapu a pafoni, mupemphe njira ya wapansi kufika pa siteshoni, muwerenge mphindizo nokha.

Madera amene ndimalozera anthu ndi awa. Prati ili pafupi ndi Vatican, misewu yake ndi yotakata komanso yabata usiku, ndipo siteshoni za Ottaviano ndi Lepanto zili momwemo. Gulu la mpingo lisavutike kufuna kwina. Monti ili pakati pa Colosseum, bwalo lakale la masewera la Aroma, ndi siteshoni yaikulu ya Termini, ndipo kuchokera kumeneko malo ambiri mumafika wapansi. Dera lozungulira Termini ndi Esquilino ndilo lili ndi zipinda zambiri zotsika mtengo, Metro A ndi Metro B zimakumana pamenepo, koma misewu ina yoyandikana ndi siteshoni siisangalatsa usiku, choncho werengani ndemanga za alendo zokhudza msewu weniweniwo. Trastevere ndi yokongola, ya timisewu tating'ono ndi malo odyera ambiri, koma ilibe Metro ndipo phokoso lake limafika pakati pa usiku. Achinyamata amaikonda, koma mayi anga sindingawagonetse kumeneko. San Giovanni ndi Testaccio ndi madera a eni mzinda, mitengo yake ndi yachikatikati, ndipo Metro ili pafupi.

Mukasankha dera, zindikirani mtundu wa malo amene mukulipira, chifukwa mawu a Chitaliyana olembedwa pa malondawo ali ndi tanthauzo. Albergo ndi hotela yeniyeni, yokhala ndi wolandira alendo. Affittacamere ndi zipinda zochepa za m'nyumba imodzi ya m'nsanjika yokhalamo anthu wamba. Pamalo otere musayembekezere chikwangwani chachikulu: mudzapeza chitseko chachitali chamatabwa, pambali pake kachitsulo ka mabatani ambiri, batani lililonse ndi dzina lake lolembedwa timalemba tating'ono, ndipo mukafika nthawi imene simunagwirizane, mudzaliza belu popanda wotsegula. Casa vacanze ndi nyumba yonse yokhala ndi khitchini, yabwino kwa banja kapena anthu anayi ogawana mtengo. Ndipo pali casa per ferie, nyumba za alendo zimene zambiri zimayendetsedwa ndi asisitere kapena zipani za ansembe. Zimenezi ndi zaukhondo, zabata, zambiri zili ndi katchalitchi momwemo, zimalandira aliyense posayang'ana mpingo wake, koma zina zimatseka chipata usiku pa ola lokhazikika, choncho funsani ola limenelo musanalipire. Kwa amayi oyenda okha ndi kwa magulu a mpingo, ndimaona kuti palibe malo oposa amenewa.

Pali mawu ena ochepa amene asokoneza magulu ambiri. Camera matrimoniale ndi chipinda cha bedi limodzi lalikulu. Ngati ogona awiriwo si banja, pemphani due letti singoli, kutanthauza mabedi awiri osiyana. Bagno privato ndi bafa ndi chimbudzi chanuchanu, pamene bagno in comune ndi chogawana ndi alendo ena. Ascensore ndi chikepe. Nyumba zambiri za pakati pa mzinda ndi zakale, masitepe ake ndi ataliatali, ndipo chipinda cha pa nsanjika yachinayi m'nyumba yopanda chikepe ndi chilango kwa munthu wa nyamakazi amene wanyamula sutikesi ya makilogalamu 23.

Musanatsimikize, lemberani eni malo uthenga wachidule ndipo muwafunse ngati pali chikepe, ngati makina oziziritsa m'chipinda akugwira ntchito ndiponso ngati amalipiritsa padera, ola lomaliza lolandira alendo, ndi ngati mungasiye katundu mukafika m'mawa chipinda chisanakonzedwe. Funso lomalizali n'lofunika kwa ife amene timayenda usiku wonse kuchokera ku Africa n'kutera m'bandakucha. Mayankhidwe awo adzakuuzani zambiri. Amene sakuyankha musanalipire sadzayankhanso mutaima pakhomo pake.

Pa nkhani ya ndalama, sankhani mtengo wolola kubweza ndalama zonse mukasintha maganizo, ngakhale utakwererako pang'ono, kufikira viza itatuluka. Musatumize ndalama ku akaunti ya munthu amene mwangomupeza pa Facebook kapena WhatsApp, zithunzi za chipinda chake zikongole motani. Kuyambira 2025 malo onse ogonetsa alendo ku Italy amayenera kukhala ndi nambala ya boma yotchedwa CIN, yolembedwa pa malonda awo ndi pakhomo; malo opanda nambala imeneyi asiyeni. Dziwaninso za msonkho wa alendo, contributo di soggiorno, umene mzinda umatolera kwa munthu aliyense usiku uliwonse. M'mahotela umayambira mayuro 4 mpaka 10 malinga ndi nyenyezi za hotelayo, kawirikawiri sukhala pa mtengo umene munaona pa intaneti, ndipo umaperekedwa pamalopo. Si kuba ayi, koma pemphani lisiti. Akakupemphani pasipoti pofika musadabwe, chifukwa lamulo limawakakamiza kupereka mayina a alendo kupolisi; akalemba, itengeninso.

4. Gulani matikiti musananyamuke

Malo awiri amafuna tikiti ya tsiku ndi ola lake: Colosseum ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican, mmene muli Sistine Chapel. Gulani pa masamba enieni a malowo. Tsamba la Vatican limathera ndi zilembo .va, ndipo la Colosseum ndi la bungwe la Parco archeologico del Colosseo. Mukafufuza pa intaneti, oyamba kuoneka amakhala ogulitsa apakati amene amawonjezera mtengo kwambiri, ndiye werengani bwino dzina la tsamba musanalowetse nambala ya khadi. Tikiti ya Colosseum imalembedwa dzina la mwini wake ndipo pachipata amayerekeza ndi pasipoti, choncho wogulira gulu alembe mayina monga momwe alili m'mapasipoti, osati mayina a ubatizo kapena a kumudzi amene mumaitanirana. Tikiti yomweyo imakulowetsaninso ku Forum, mabwinja a bwalo lalikulu la Roma wakale, ndi pa phiri la Palatine.

Matikiti a mkumano wa Lachitatu ndi Papa ndi aulere, ndipo amapemphedwa ku ofesi yotchedwa Prefettura della Casa Pontificia. Wina akakuuzani kuti mugule, akukuberani. Kulowa m'tchalitchi cha St Peter nakonso n'kwaulere; chimene chimatenga nthawi ndi mzere wa achitetezo basi.

5. Kuchokera pabwalo la ndege

Ochokera kwathu ambiri amadzera ku Addis Ababa n'kutera pa bwalo la Fiumicino, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Sitima ya Leonardo Express imafika ku Termini m'mphindi 32 popanda kuima. Pali sitima ina yotsika mtengo, ya FL1, imene imaima ku Trastevere, Ostiense ndi Tiburtina koma siifika ku Termini. Matakisi ovomerezeka ndi oyera, amaima pamzere panja pa bwalo, ndipo ulendo wopita mkati mwa linga la Aurelian uli ndi mtengo wokhazikika wolembedwa pachitseko cha galimoto. Munthu amene akukutsatirani mkati mwa bwalo n'kumanong'ona za takisi mupitirireni. Ochokera ku Britain pa ndege zotsika mtengo nthawi zina amatera pa bwalo lina la Ciampino, kumene mabasi opita ku Termini amapezeka.

6. Kayendedwe mumzinda

Tikiti wamba imagwira ntchito mphindi 100 pa mabasi ndi ma tram (sitima zoyenda mumsewu), koma pa Metro mumalowa nayo kamodzi kokha. Imagulidwa m'masiteshoni ndi m'timasitolo ta fodya totchedwa tabacchi, tokhala ndi chikwangwani cha chilembo T. Cholakwa chofala ndi kukwera basi tikiti ili m'thumba osaidinda pa kamakina ka m'basimo. Oyendera akakupezani amalipiritsa chindapusa ngakhale muwaonetse tikitiyo. Metro imatseka 11:30 usiku, koma Lachisanu ndi Loweruka imafika 1:30. Pakati penipeni pa mzinda, kumene kuli Pantheon ndi Piazza Navona, Metro siidutsa, ndipo misewu yake ndi ya timiyala takuda totchedwa sampietrini, timene timaterera kukagwa mvula. Nsapato zatsopano ndi zazidendene zazitali zisiyeni kunyumba.

7. Gawani masiku potsata madera

Musaike Vatican ndi Colosseum tsiku limodzi. Ndaona anthu akuyesa zimenezi, ndipo pofika madzulo amakumbukira kupweteka kwa miyendo kokha.

Tsiku la Vatican liyambe m'mawa. Khomo la nyumba zosungiramo zinthu zakale silili pa bwalo la St Peter. Lili pa msewu wa Viale Vaticano, mphindi pafupifupi 15 wapansi motsatira linga, ndipo ambiri aphonya ola lawo ataima pamzere wolakwika. Mkatimo mudzayenda mtunda wautali musanafike ku Sistine Chapel, imene denga lake analijambula Michelangelo pakati pa 1508 ndi 1512, ndiye sungani mphamvu ndipo musaime pa chosema chilichonse. M'chipinda chimenecho saloleza kujambula zithunzi. Tchalitchi cha St Peter, chimene chinayamba kumangidwa mu 1506 n'kudalitsidwa mu 1626, chimafuna kuti mapewa ndi maondo akhale ophimbika kwa amuna ndi akazi omwe. Amayi athu apa savutika, chifukwa chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse, koma abambo a makabudula amabwezedwa pakhomo. Kukwera pamwamba pa denga lozungulira ndi masitepe 551, kapena 320 mukayamba ndi chikepe, ndipo chakumapeto kanjira kake n'kopanikiza; wodwala mtima asayese.

Tsiku lachiwiri likhale la Roma wakale. Colosseum inatsegulidwa m'chaka cha 80 mu ulamuliro wa mfumu Titus. Mukatuluka loŵani ku Forum dzuwa lisanakwere. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha San Clemente, chimene ambiri amachidutsa osadziwa, koma ine ndimachiika patsogolo pa malo ambiri otchuka. Mumalowa m'tchalitchi cha m'zaka za m'ma 1100, n'kutsika masitepe kufika m'tchalitchi china cha m'zaka za m'ma 300, n'kutsikanso kufika m'zipinda za m'nthawi ya mafumu a Roma, mmene muli kachisi wa mulungu Mithras ndipo mumamva madzi akuyenda kuseri kwa khoma. Palibe malo ena amene amaonetsa bwino chotero kuti mzinda uno unamangidwa pamwamba pa unzake.

Tsiku lachitatu yendani wapansi pakati pa mzinda. Pantheon inamangidwanso m'nthawi ya mfumu Hadrian ndipo inasandulika tchalitchi mu 609. Denga lake lozungulira ndi lotambalala mamita 43, pakati pake pali chibowo chosatseka, ndipo mvula ikagwa imagwera pansi m'kati momwemo n'kutuluka pa timabowo ta pa miyala. Kuyambira 2023 alendo amalipira polowa. Kasupe wa Trevi, womalizidwa mu 1762, muoneni m'mamawa anthu asanadzaze. Ndalama zimene anthu amaponyamo zimapita ku bungwe lachifundo la Caritas. Pa masitepe a Piazza di Spagna n'zoletsedwa kukhala pansi, ndipo apolisi amaliza wezulo.

Tsiku lachinayi ndi la matchalitchi akuluakulu otsala: San Giovanni in Laterano, chimene ndicho tchalitchi cha Papa monga episkopi wa Roma, Santa Maria Maggiore, kumene Papa Francis anaikidwa mu 2025, ndi San Paolo fuori le Mura, kumene kuli manda a mtumwi Paulo, pafupi ndi siteshoni ya Metro B. Ngati mphamvu zilipo onjezerani manda a pansi pa nthaka a San Callisto pa msewu wakale wa Appia, koma osati Lachitatu, chifukwa amatseka.

8. Chakudya, madzi ndi chitetezo

Madzi musagule. M'misewu muli mipopi yachitsulo yotchedwa nasoni, yotulutsa madzi ozizira abwino kumwa usana ndi usiku. Mukatseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, madzi amatumphukira m'mwamba pa kabowo kena kuti mumwe osawerama kwambiri. Khofi womwera choimirira pa kauntala ndi wotsika mtengo kuposa wokhala naye patebulo. M'malo odyera, mtengo wa nsomba kapena nyama ukalembedwa ndi mawu akuti all'etto, ndiye kuti ndi wa magalamu 100 okha, osati mbale yonse. Amene mwatenga nyumba ya khitchini ndipo thupi layamba kufuna nsima, ufa wa chimanga ulipo m'masitolo pa dzina la farina di mais, umene eni ake amaphikira polenta, ndipo pa msika wa Esquilino pafupi ndi Termini pamapezeka zakudya za ku Africa. Tengani adaputala, chifukwa mapulagi athu a mano atatu amakona salowa m'masoketi a ku Italy. Uzani banki yanu za ulendowu kuti khadi igwire ntchito kunja, ndipo makina otulutsa ndalama akakufunsani ndalama yowerengera, sankhani mayuro.

Mbava zopisa m'matumba zimakonda Termini, Metro yodzaza, ndi mabasi a nambala 40 ndi 64 opita ku Vatican. Chikwama chikhale kutsogolo, ndalama zigawidwe pawiri, ndipo chithunzi cha pasipoti ndi cha viza chikhale pafoni ndi papepala. Nambala yangozi ndi 112.

9. Tsiku lonyamuka

Kutatsala masiku awiri funsani eni malo ngati kwalengezedwa sciopero, kumene ndi kunyanyala ntchito kwa oyendetsa mabasi ndi sitima, chifukwa kumachitika kawirikawiri, makamaka Lachisanu, ndipo kumalengezedwa pasadakhale. Tsiku lotere mabasi ndi Metro zimayenda m'mawa mpaka 8:30 komanso madzulo kuyambira 5 mpaka 8 koloko, nthawi zina zonse palibe chitsimikizo. Ngati ndege yanu ikugwera tsiku limenelo, pemphani eni malo akuitanireni takisi dzulo lake, ndipo munyamuke kuchipinda kutatsala maola anayi ndege isanauluke.